Chishalo Chimene Anandichekera

Amuna anga anagula njinga yamoto tisanagule bedi. Anali makaniko pa galaja ya mmwenye wina m'tauni ya Kabwe, ndipo tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Nakoli, ife ndi ana athu awiri. Njingayo anaigula kwa mzungu wa ku mafamu amene ankabwerera kwawo. Inali yaitali ngati thole, ya matayala a mano akuluakulu, yopangidwira njira za m'tchire. Ikaima pakhomo, chishalo chake chinkandipitirira m'chiuno.

Zinali zaka zija zoima pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, asilikali ali pa milatho chifukwa cha nkhondo ya kum'mwera. Ine ndinabadwira ku Kabwe komweko, atate anga atachoka kum'mawa kudzagwira ntchito pa mgodi, choncho mudzi ndinkangoumva. Amuna anga anali osiyana nane. Mtima wawo unali ku Katete, kwa amayi awo ndi alongo awo, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ankakwera njinga ija kukawaona.

Chaka chonse chinkathera pokonzekera ulendo umenewo. Tikaweruka ku tchalitchi ankavula jekete, n'kukhala pansi ndi masipanala. Lero akweza mahandulo kuti asamawerame, sabata yamawa awotcherera zopondapo zazikulu, kenako ayala chikopa cha nkhosa pachishalo. Ankati msana supweteka chifukwa cha msewu, umapweteka chifukwa cha makhalidwe a munthu panjinga. Ine sindinkamvetsera. Ndinakwerapo kumbuyo kamodzi kokha, ndipo nditatsika ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso. Ndinkaitcha mkazi mnzanga.

Ngozi siinachitikire panjinga monga ndinkaopera. Anali pansi pa lole kuntchito, jeke n'kuterereka. Kuchipatala anawadula mwendo wamanja pansi pa bondo. Atatuluka, ntchito inali itatha, ndipo munthu amene ankaseka mpaka anansi kudandaula anasanduka wosalankhula. Ankakhala pakhonde ndi ndodo zawo ziwiri, maso ali kumsewu. Ine ndinayamba kugulitsa tomato ndi vitumbuwa pamsika. Nditanena kuti tigulitse njinga, popeza inkangodya malo m'nyumba, anangondiyang'ana, ndipo sindinabwerezenso.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza njinga ili panja, chishalo chitachotsedwa. Amuna anga anali atasenda chikopa chake, akucheka siponji ya m'kati ndi mpeni wanga wa buledi. Zidutswa zachikasu zinali mbwee pabwalo. Chishalo chimenecho sankalola ngakhale mwana kuchikhudza ndi manja a mafuta. Ndinaima ndi dengu pamutu, ndikuganiza kuti mutu wawazungulira.

"Tulani dengulo, muime apa," anatero. "Vulani patapata."

Ndinachita monga ananenera, poopa kuwakwiyitsa. Anatenga chingwe, anachiponda pansi ndi ndodo pafupi ndi chidendene changa, n'kuchikweza mpaka m'chiuno. Anansi anali akuyang'ana pa mpanda.

"Kodi mukuyeza bokosi langa?" ndinafunsa.

"Ndikuyeza mwendo. Wanga unapita, watsala wanu."

Sindinamve msanga. Nditamva, ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa zidutswa za siponji. Anandifotokozera modekha kuti amayi awo akukalamba, ndipo akufuna kukawaona. Basi anaikana. Masiku amenewo munthu ankagona pa siteshoni ku Lusaka kudikira malo, ndipo basi ikafika anthu ankalowera pawindo. Anati salola kunyamulidwa ndi anyamata ngati thumba la chimanga. Njinga ilipo, msewu akuudziwa, chosowa ndi mwendo wopondera kiki yolizira injini ndi buleki basi. Ndinawauza kuti mu Kabwe monse sindinaonepo mkazi akuyendetsa njinga yamoto, ndipo iwo anati ndiye kuti sindidzakhala ndi wondiseka kuti akuyendetsa bwino kuposa ine. Kanali koyamba kunena zoseketsa chichokereni kuchipatala. Chimenecho ndicho chinandigonjetsa.

Anagwira ntchito masabata angapo atakhala pa kampando. Chishalo anachichepetsa, n'kuchisonga kutsogolo kuti miyendo yanga izitsika mowongoka. Anatsitsa njinga yonse kutsogolo ndi kumbuyo mpaka zala za kumapazi zinkagunda pansi mbali zonse. Mahandulo amene anawakweza kale anawabweza kuti ayandikire kwa ine. Zogwirira za kilachi ndi buleki zinali kutali ndi zala zanga, ndiye anaziwotcha pa mbaula n'kuzipinda pang'ono. Akasintha kanthu ankandikhazika pamwamba n'kufunsa pamene pakukoka, kaya m'phewa, kaya m'chiuno. Ndikati palibe, ankati ndikunama, ndikhalebe pomwepo mpaka thupi linene zoona. M'zaka zonse za ukwati wathu sanandiyang'anitsitsepo motero. Kumbuyo anadzipangira chotsamira cha chitsulo, kathabwa kokutidwa ndi nsanza koikapo chotsala cha mwendo, ndi malamba omangira ndodo.

Ndinaphunzirira pa chigwa china kuseri kwa komboni ya Makululu. Tsiku loyamba kiki inandibwezera, n'kundimenya pa msongolo mpaka ndinaona nyenyezi. Injini italira ndinasiya kilachi mwadzidzidzi, njinga inalumpha, ine n'kutsala pansi. Ekizosi inandiwotcha pa katumba, ndipo chipsera chake ndili nacho. Chitenje chinakodwa mu tcheni, choncho ndinayamba kuvala ovolosi ya amuna anga, chitenje n'kumanga pamwamba. Ana a ku Makululu ankatithamangira akukuwa, ndipo amayi ogulitsa makala ankasiya malonda awo kudzaonerera.

Nkhani inafika ku mpingo. Amayi atatu a m'chigwirizano anabwera kunyumba atavala yunifolomu, ngati akupita kumaliro. Anati mkazi wa pabanja satang'adza pa chitsulo pamaso pa anthu, ndipo buluku ndi la amuna. Ine ndinachita manyazi, popeza mumtima ndinkagwirizana nawo. Amuna anga anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwafunsa mwaulemu kuti mwa amuna awo ndani angasiye ntchito kuti awaperekeze ku Katete. Amayiwo anayang'anana, anapemphera, n'kunyamuka.

Tinanyamuka m'nyengo yozizira, ana titawasiya kwa mng'ono wanga. Msewu wa ku Lusaka ndi wowongoka, ndipo ndinauyenda mano ali gwa, ndikuopa lole iliyonse. Tisanafike n'komwe manja anali atachita dzanzi. Tinaima pansi pa mtengo, amuna anga anadula mphira wa chubu chakale n'kukulunga pa mahandulo, ndipo anandiuza kuti ndikufinya ngati ndikupha nkhuku. Anati ndigwire njinga ndi mawondo, manja angotsogolera. Ndinayesa, ndipo zinathekadi.

Kupitirira Rufunsa msewu umayamba kukhota m'mapiri, mbali ina phompho. Kumeneko ndinaphunzira kuti munthu wakumbuyo ndi theka la woyendetsa. Akapendekera nane limodzi njinga inkakhota yokha. Sankalankhula, ankangondigwira paphewa la mbali imene tikhotere, ndipo akafuna ndichepetse liwiro ankandifinya m'chiuno.

Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatiimitsa. Mmodzi anabwera ndi mfuti, akulankhula Chibemba mwaukali, kuti tivule zisoti. Nditavula changa anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana nkhope yanga, ovolosi, kenako amuna anga ndi kathabwa kawo, n'kuitana anzake onse. Anatizungulira. Mkulu wawo anafunsa kumene tachokera, ndipo nditati ku Kabwe sanakhulupirire mpaka ataona ziphaso. Anangoti, "Ba mayo," akupukusa mutu, n'kutitsegulira njira. Tinagona ku Nyimba kwa munthu wa mpingo wathu, ndipo m'mawa mwake tinapitiriza.

Titasiya tara kulowa njira ya kumudzi, amuna anga anatulutsa mpweya pang'ono m'matayala kuti njinga isaterereke mumchenga. Kuchokera pamenepo anakhala chete kwambiri. Ndinkaganiza kuti atopa.

Phokoso la njinga ija mudzi wonse unkalidziwa. Tisanaime n'komwe anthu anali atatuluka, ndipo apongozi anga anabwera akululutira ndi lichero m'manja. Anapita kwa woyendetsa, poyesa kuti ndi mwana wawo. Nditavula chisoti, nthungululu inathera pakamwa. Anaseka pang'ono posamvetsa, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. Amuna anga anali akumasula ndodo. Anatsika pang'onopang'ono, buluku la kumanja litapindidwa n'kumangidwa ndi chipini.

Lichero linagwa. Apongozi anakhala pansi pa dothi, miyendo itatambasuka ngati mwana. Alamu anga aakazi anayamba kulira. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti miyezi yonse ija amuna anga sanatumize mawu. Ine ndinkayesa kuti kumudzi akudziwa, ndipo ndinkawadandaula mumtima kuti sanabwere kudzazonda. Ndinatembenuka kuyang'ana amuna anga, iwo maso ali pansi.

Apongozi sanalire. Anayang'ana ine, osati mwana wawo.

"Mwendowo munauika kuti?"

Sindinaganizepo za funso limenelo. Kuchipatala sindinafunse, ndipo palibe anandiuza. Ndinati sindikudziwa. Anabwereza mawu anga pang'onopang'ono, kuti sindikudziwa, n'kunena kuti iwo anabala mwana wa miyendo iwiri, ndipo chiwalo cha munthu sichitayidwa ngati nyenyeswa. Amuna anga anati mlandu si wanga, ndi wawo, koma apongozi anali atadzuka kale kulowa m'nyumba. Madzulo ake anatuluka ndi madzi ofunda, anamasula chipini chija okha, n'kusambitsa chotsalacho pamaso pa aliyense, akuchisisita ndi mafuta a nsatsi. Amuna anga, amene kunyumba sankalola ngakhale ine kuchiona masana, anangowalola.

Masiku otsatira ndinkawaona pang'ono. Ankakhala ndi amalume awo ndi alongo awo kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndikayandikira nkhani inkasintha. Ndinkati ndi za pamtundu, mkamwini kapena mtengwa salowerera. Anthu ankawabweretsera njinga zakapalasa zothyoka, wina wailesi, ndipo ankazikonza kuti nthawi ipite.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tibwerere, ndinawapeza ali pa njinga yathu. Ndinayesa akuthira mafuta pa tcheni. Nditayandikira ndinaona chotsamira chija chili pansi, kathabwa kali pambali pake, iwo akutembenuza masipuling'i akumbuyo. Pofika nthawi imeneyo ndinali nditaphunzira zokwanira. Masipuling'i amalimbitsidwa mukakwera awiri, amafewetsedwa akakwera mmodzi.

"Mukufewetseranji?" ndinafunsa.

Sanadzutse mutu. "Ikakhala yolimba idzakupwetekani msana."

"Nanga inu mukhala pati?"

"Ine ndafika, mayi."

Anayamba kulankhula msangamsanga, ngati munthu amene mawuwo wakhala akuwabwereza mumtima. Anati ku Kabwe iwo ndi pakamwa chabe podyera tomato wanga. Kuno ali ndi mbumba yowayang'anira, munda ulipo, ndipo palibe amene amawaponyera ndalama pakhonde poyesa kuti ndi wopempha. Anati ana apitirize sukulu m'tauni, ine ndiwalere, ndipo njinga ndi yanga, indithandize pa malonda. Ndinafunsa kuti maganizo amenewa anayamba liti. Anati tsiku limene anatenga mpeni wa buledi.

Ndiye kuti pamene ankandiyeza ndi chingwe, pamene ankapinda zogwirira kuti zikwane zala zanga, ine ndikusangalala kuti mwamuna wanga wabwerera, iwo ankakonza njira yoti ndibwerere ndekha. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Ndinati andisandutsa dalaivala wa maliro awo omwe. Ndinapita kwa apongozi kuti andithandize, koma anati mwana wawo anapita kutauni wathunthu n'kubwera wotsala, ndiye chotsalacho achisunga okha. Alamu anga anali atayamba kale kusenga udzu wofolerera kanyumba ka amuna anga. Aliyense pamudzipo ankadziwa kupatula ine.

Ndikanatha kukhala n'kulimbana nawo, koma ana anali kwa mng'ono wanga, amenenso anali ndi ake. M'mawa ndinamanga katundu. Amuna anga anabwera ndi ndodo zawo kudzandiuza za mafuta ndi za mpweya wa m'matayala ndikafika pa tara. Ndinanyamuka osatsanzika.

Chimene chinandipweteka kwambiri paulendo wobwerera n'chakuti njinga inkayenda bwino koposa. Inali yopepuka, yofewa, mabampu osamveka. Chilichonse chinali pamalo pake, mawondo, zigongono, msana. Munthuyo anaikonza mwaluso lake lonse. M'mapiri muja ndinkadikira dzanja paphewa, ndipo pa khona lina ndinachedwa kukhota mpaka tayala linakanda miyala ya m'mphepete mwa phompho. Ndinaima n'kulira m'chisoti momwemo. Pa mlatho, msilikali wamkulu uja anandizindikira n'kufunsa kuti bambo aja ali kuti. Ndinati atsala kwawo. Anayang'ana malo opanda munthu kumbuyo kwanga, ndipo sanafunsenso.

Ku Nakoli nkhani inali yakuti ndakataya mwamuna wolumala kumudzi kuti nditenge njinga. Ena ankanena ndikumva. Mwana wanga wamkulu, mtsikana, anakhala masiku osandilankhula. Ndinaganiza zoigulitsa njingayo kuti pakamwa pa anthu patsekeke, koma lendi sinkadikira, ndipo mayi wina wa pamsika anandiuza kuti nsomba zouma za ku dambo la Lukanga zikusowa wozibweretsa msanga. Ndinayamba kupita kumeneko, njira ya mchenga ndi matope imene magalimoto ankaikana. Ndinaphunzira kulimbitsa masipuling'i pobwera ndi madengu, kumata chubu, kutsuka pulagi. Asodzi poyamba ankathawa kundigulitsa, kenako anazolowera. Tinayamba kudya bwino kuposa kale, ndipo zimenezo zinkandichititsa manyazi.

Mvula itatha ndinamangiriranso chotsamira chija, chimene ndinabwera nacho osawauza, n'kunyamuka kukawatenga. Njira yonse ndinkaona m'maganizo munthu wowonda, wa ndevu, atagona pamphasa akudikira imfa. Ndinakonzeka kuwakhululukira.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, atazunguliridwa ndi njinga zakapalasa, makina osokera awiri, ndi injini ya chigayo cha mudzi woyandikana nawo itaphwasulidwa pa chiguduli. Anali atanenepa. Anali atadzisemera mwendo wa mtengo wa mlombwa, womanga ndi malamba a chikopa, ndipo ankayenda ndi ndodo imodzi yokha. Ndisanazimitse injini ndinamva kuseka kwawo kuja, kwa kale, kumene ine ndinalephera kukubweza ndi vitumbuwa zanga zonse. Ndinakhala pachishalo osatsika. Ndinali nditakonzekera zonse, koma osati kuwapeza akusangalala.

Anabwera akutsimphina, anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kufunsa za ana mmodzimmodzi. Kenako anagwada pa bondo lawo labwino kuyang'ana tcheni, ndipo anati ndikuimanga kwambiri. Ataona chotsamira kumbuyo anazindikira kuti ndabwera kudzawatenga.

Tinakambirana masiku onse amene ndinakhalako. Ndinawauza kuti ndi luso limeneli angatsegule malo awoawo ku Kabwe, pansi pa mtengo ngati pano. Anati ku Kabwe amakaniko a miyendo iwiri ndi ambiri, kuno ali okha, ndipo anthu amayenda mtunda wautali kuwafuna. Kenako anandipempha kuti ine ndi ana tisamukire kumudzi. Anali atamanga kale chipinda chachiwiri. Ndinayang'ana chipindacho, minda, alamu anga akusinja, ndipo ndinadzimva ndikukana ndisanaganize n'komwe. Ndinati ana ali pasukulu. Zinali zoona, koma panalinso china. Ndinali ndi makasitomala anga pamsika, njira yanga ya ku Lukanga, ndipo sindinkafuna kuzisiya. Anandiyang'ana modabwa ngati mmene ine ndinawayang'anira chaka chapitacho.

Sitinasudzulane, ndipo palibe anakwatira kapena kukwatiwa kwina. Abusa atandifunsa ngati banja lathu lilipo, ndinati lilipo, kungoti ndi lalitali. Ana ankapita kwa bambo awo pa tchuthi, poyamba pa basi ndi mng'ono wanga, kenako okha. Ine ndinkapita ndikapeza mpata, kawiri kapena katatu pachaka, nditanyamula sopo, shuga ndi nsomba. Apongozi sanandikhululukire za mwendo uja mpaka anamwalira, koma nsomba ankalandira.

Amuna anga anabwera ku Kabwe kamodzi kokha pambuyo pake, pa ukwati wa mwana wathu wamkazi. Anakhala sabata, akudandaula za fumbi ndi phokoso, ndipo ukwati utatha anandipempha kuti ndiwabweze. Mkamwini wathu watsopano anali ndi galimoto ya kuntchito ndipo anadzipereka kuwaperekeza, koma iwo anathokoza n'kukana. Tinanyamuka awiri panjinga ija m'mawa kukuzizira, tonse imvi zitayamba, ndipo tinafika kumudzi tsiku lotsatira dzuwa likupendeka.